Kachasu ndi Matenda a Kapamba

M'chigwa cha Domasi, kuyambira ku Songani kufikira ku Malosa, anthu ambiri amadziŵa kuti kachasu amawononga chiŵindi. Koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti moŵa umenewu umawononganso kapamba.

Kapamba wonenedwa pano si uja amatupa ndi malungo ai. Ameneyu ali kuseri kwa chifu, ndipo ntchito zake ndi ziŵiri: kupanga timadzi togaya chakudya, timene madokotala amati ma enzyme, ndiponso kupanga insulin woyang'anira shuga m'magazi. Timadziti timayenera kuyamba ntchito titafika m'matumbo. Koma mwa munthu amene wamwa moŵa waukali zaka zambiri, timayamba kugaya tikadali m'kati, kotero kuti kapamba amadzidya yekha.

Wodwala amamva kupweteka pamwamba pa mchombo kolasa mpaka kumsana. Amasanza, amaonda, ndipo chimbudzi chake chimakhala chamafuta. Pambuyo pake akhoza kudwala matenda a shuga.

Kodi alipo mankhwala oletsa zimenezi? Madokotala anayesa mankhwala otchedwa aprotinin, amene amamanga ma enzyme a kapamba, koma anapeza kuti sapulumutsa odwala. Ena ndi disulfiram, amene anayamba kuperekedwa kwa zidakwa ku Denmark mu 1948. Ameneŵa amamanga enzyme ya m'chiŵindi imene imachotsa poizoni wotsala thupi likagaya moŵa. Munthu akamwa moŵa ali pa mankhwalaŵa, nkhope imatentha, mtima umagunda kwambiri, ndipo amasanza koopsa. Mphamvu yake ikhoza kukhala m'thupi mpaka milungu iŵiri. Mankhwalaŵa amangoopseza womwayo. Sachotsa chibaba cha moŵa, ndipo sakonza kapamba wowonongeka. Nchifukwa chake mkazi kapena mbale asayese kuthira mankhwala otere m'chakudya cha munthu mobisa, pakuti akhoza kumupha.

Chimene chimapulumutsa mbali yotsala ya kapamba ndicho kuleka moŵa ndi fodya kotheratu. Komabe amene wazoloŵera kumwa tsiku ndi tsiku asalekere payekha kunyumba, popeza akhoza kunjenjemera, kubwebweta ndi kukomoka. Abale ake apite naye msanga ku chipatala cha Domasi. Matenda akakula, odwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo ovutika ndi chibaba amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital.