Amphaka ndi ukhondo wa chakudya m'makhitchini a ku Doornfontein

JOHANNESBURG - M'dera la Doornfontein, kum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, pafupi ndi bwalo la masewero la Ellis Park, mabanja ambiri, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, amakhala m'nyumba zakale zosanjikizana komanso m'mafakitale akale omwe anagawidwa m'zipinda. Kawirikawiri chipinda chimodzi chomwecho ndicho chogona, chochezera ndi chophikira. Makoswe ndi ochuluka, ndipo ena mwa anthuwa amaweta amphaka pofuna kuteteza ufa ndi ndiwo zawo.

Maganizo amenewa ndi omveka, makamaka poyerekeza ndi mankhwala a makoswe ogulitsidwa m'misewu. Mu Okutobala 2024, ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira ndi poizoni wotchedwa terbufos, mankhwala a kumunda omwe anthu ena amagulitsa mozemba kuti aziphera makoswe. Mwezi wotsatira, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti magolosale ang'onoang'ono otchedwa spaza alembetse ku makhonsolo. Mphaka sabweretsa ngozi yotere, koma ali ndi vuto lakelake akazolowera kukwera patebulo lokonzerapo chakudya.

Vutolo limayambira kumapazi. Mphaka akadzithandiza amakwirira ndowe zake ndi zikhadabo, ndipo mapazi omwewo ndi amene amaponda pamene mayi adzadulirepo tomato kapena kuika mbale za ana. Mwa njira imeneyi, tizilombo monga Salmonella ndi Campylobacter, toyambitsa kutsegula m'mimba, tingafike m'chakudya.

Choopsa kwambiri ndi kachilombo ka Toxoplasma gondii, komwe akatswiri Charles Nicolle ndi Louis Manceaux anakatulukira ku Tunis m'chaka cha 1908. Kachilomboka kamamaliza kuswana kwake m'matumbo a nyama za mtundu wa mphaka zokha, ndipo mphaka amakatenga akadya khoswe, mbalame kapena nyama yaiwisi. Choncho mphaka wosaka, yemwe mwini wake amamutamanda, ndi amenenso ali pachiopsezo chachikulu chotenga kachilomboka. Akangokatenga, amatulutsa mazira ake m'ndowe kwa sabata imodzi mpaka zitatu, koma mazirawo amayamba kupatsira matenda pakadutsa tsiku limodzi mpaka masiku 5. N'chifukwa chake kutaya ndowezo tsiku lililonse kumachepetsa ngozi kwambiri.

Anthu ambiri athanzi sadziwa n'komwe kuti anatenga kachilomboka. Koma mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera, akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wa vuto la maso ndi ubongo. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV, kachilomboka kangathe kugwira ubongo. Tiyenera kunenanso, posafuna kumunamizira mphaka, kuti anthu ambiri amakatenga podya nyama yosapsa bwino kapena masamba osatsuka.

Kwa ochita malonda a zakudya, nkhaniyi ndi ya lamulo. Malamulo a R638 a m'chaka cha 2018 amafuna kuti malo aliwonse okonzera kapena kugulitsa chakudya akhale ndi chiphaso cha ukhondo chochokera kukhonsolo, ndipo amaletsa kusunga ziweto m'chipinda chokonzeramo chakudya.

Pakhomo, kukalipira mphaka kapena kumumenya sikuthandiza, chifukwa amangophunzira kukwera pamene mwini nyumba watuluka. Chimene chimamukopa ndi fungo la chakudya, madzi a pasinki ndiponso chibadwa chake chokonda malo okwera. Mapoto akhale ovundikira, nyenyeswa zipukutidwe, mbale zitsukidwe usiku womwewo, ndipo mphakayo azidyera pansi, kutali ndi chitofu. Kumuikira kashelefu kapena mpando pafupi ndi zenera kumam'patsa pena pokwera.

Popeza palibe amene angadziwe komwe mphaka waponda usiku, tebulo litsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha musanayambe kuphika. Mankhwala monga Jik amapha mabakiteriya, koma mazira a Toxoplasma safa msanga nawo, kotero kukwecha ndi kutsukuluza n'kofunika. Mankhwala okolopera okhala ndi phenol ndi poizoni kwa amphaka, omwe amanyambita mapazi awo akaponda pansi ponyowa. Ntchito yotaya ndowe za mphaka asapatsidwe mayi woyembekezera, ndipo woigwira asambe m'manja ndi sopo akamaliza.