Ulendo wa masiku ochepa ku Doha ndi anzanu: mmene mungasamalire thanzi lanu ku Ras Abu Aboud

Anthu ambiri a kwathu amene amakhala kunja amaudziwa mzinda wa Doha, likulu la dziko la Qatar, ngati malo osinthirapo ndege. Ena amagwirizana ndi anzawo kuti aimeko masiku atatu kapena anayi n'kuona malo, ndipo amakonza okha zonse popanda kampani yoyendetsa alendo. Ulendo wotere ndi wosaboola m'thumba, koma palibe munthu wokukumbutsani za dzuwa, za malamulo a mankhwala kapena za kumene mungathamangire wina akadwala. Nkhaniyi ikufotokoza zimene gulu lanu liyenera kudziwa.

Ras Abu Aboud ndi malo otani?

Ras Abu Aboud ndi dera la m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi bwalo la ndege la Hamad International. Kumeneku n'kumene kuli bwalo la mpira la Stadium 974, lomangidwa ndi makontena 974, ndipo linachititsa masewero 7 a World Cup ya 2022. Nambala 974 ndi imenenso mumayambira poimba foni ku Qatar. Sitima ya metro ya Gold Line imayambira pa siteshoni ya Ras Bu Abboud n'kudutsa pa National Museum of Qatar, imene inatsegulidwa mu 2019, komanso pa msika wa Souq Waqif. Msewu wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Corniche ndi wautali makilomita pafupifupi 7. Pa mapu malowa amaoneka oyandikana, ndipo anthu amakopeka kuyenda wapansi. Apa ndi pamene vuto limayambira.

Kutentha ndiye chiopsezo chachikulu

Kuyambira Juni mpaka Sepitembala, kutentha ku Doha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri. Amene anazolowera ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala angaganize kuti n'zomwezo, koma kumapeto kwa nyengoyi mpweya wa m'mphepete mwa nyanja umakhala ndi chinyezi chambiri. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu. Mpweya ukakhala wachinyezi thukuta siliuma msanga, choncho munthu amataya madzi ambiri koma thupi osazizira.

Boma la Qatar limaletsa kugwira ntchito panja kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuchokera pa 1 Juni mpaka pa 15 Sepitembala. Lamuloli ndi la apantchito, koma mlendo angachite bwino kulitsatira. Ngati mungathe kusankha, pitani pakati pa Novembala ndi Malichi, pamene kunja kumakhala kozizirirapo.

Kuti mudziteteze:
- Onani malo a panja m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Masana khalani m'nyumba zozizira monga mu National Museum of Qatar kapena mu Museum of Islamic Art.
- Aliyense akhale ndi botolo lake la madzi ndipo azimwa asanamve ludzu. Mkodzo wochepa komanso wachikasu kwambiri ukusonyeza kuti madzi akuchepa m'thupi.
- Valani zovala zopepuka, zosathina, ndi chipewa. Zophimba mapewa ndi mawondo zimateteza ku dzuwa ndipo n'zimene anthu a kumeneko amayembekezera.
- Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa. Khungu lakuda nalonso limapsa, ndipo anthu achialubino ayenera kusamala koposa.
- Tengani mapaketi a ORS, monga Thanzi amene timamudziwa kumudzi.

Kusiyanitsa kutopa ndi dzuwa ndi ngozi yeniyeni

Munthu amene watopa ndi kutentha amamva mutu, chizungulire, nseru ndi ludzu lalikulu. Amatuluka thukuta kwambiri ndipo minofu imakokana. Mupititseni pamalo ozizira, mugonekeni, muvuleni zovala zosafunika, mupatseni madzi kapena ORS, ndipo muthireni madzi ozizira pakhungu uku mukumukupiza. Ayenera kuyamba kupeza bwino pasanathe mphindi 30.

Imbani 999 nthawi yomweyo ngati sakusintha pakatha mphindi 30, ngati wasokonezeka mutu kapena akulankhula zosamveka, ngati thupi latentha kwambiri, ngati akuphupha ngati wakhunyu, kapena ngati wakomoka. Zikatere ubongo, impso ndi mtima zimatha kuwonongeka m'nthawi yochepa, ndipo munthu angathe kumwalira. Pitirizani kumuziziritsa podikira ambulansi, koma wokomoka musamumwetse kanthu.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi okalamba, ana aang'ono, amayi oyembekezera, odwala shuga, mtima kapena impso, ndiponso amene amamwa mankhwala a BP okodzetsa monga HCTZ. Musasiye mankhwala panokha. Kaonaneni ndi dokotala wanu musananyamuke.

Mankhwala amene mumamwa

Qatar ili ndi malamulo okhwima pa mankhwala ena amene kwina amapezeka mosavuta. Mankhwala okhala ndi codeine, tramadol, diazepam kapena pregabalin angakuikeni m'mavuto ndi apolisi ngati mulibe umboni wakuti dokotala anakulemberani. Tengani kalata ya dokotala ya m'Chingelezi yokhala ndi dzina lanu, dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Mankhwala akhale m'mapaketi awo enieni, ndipo musanyamulire mnzanu mankhwala ake, ngakhale atakhala m'bale wanu.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga, a BP ndi a mphumu, aikeni m'chikwama cha m'manja ndipo onjezerani a masiku angapo kuopera kuti ndege ingachedwe. Insulini imawonongeka ikatentha kupitirira madigiri 30 kapena ikaundana, choncho isakhale m'galimoto yoima padzuwa kapena m'katundu wopita kunsi kwa ndege. Nthawi ya ku Qatar ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi, Zambia ndi South Africa. Kwa ochokera ku UK kusiyana kwake ndi maola awiri kapena atatu malinga ndi nyengo, ndipo ogwiritsa ntchito insulini afunse kuchipatala mmene angasinthire nthawi yobayira.

Inshuwalansi ndi viza

Kuyambira pa 1 Febuluwale 2023, Qatar inakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo kwa alendo, ndipo yoyambira inaikidwa pa ma riyal 50 pamwezi. Imeneyi ndi ya ngozi ndi matenda a mwadzidzidzi basi. Ndi bwino aliyense kugulanso inshuwalansi ya paulendo yolipira kugonekedwa m'chipatala ndi kubwezedwa kwawo, ndipo atchule matenda onse amene ali nawo kale, chifukwa kubisa kumachititsa kuti kampani ikane kulipira.

Lamulo la viza limatengera pasipoti. Pagulu limodzi pangakhale wa pasipoti ya Malawi, wina ya South Africa, wina ya UK, ndipo zofunika kwa iwo zingasiyane. Aliyense aone zake pa tsamba la boma la Hayya musanalipire hotela.

Zina zofunika kudziwa

- Ngamila: Pafupi ndi Souq Waqif pali khola la ngamila, ndipo maulendo a m'chipululu amakhalanso ndi ngamila. Nyamazi zimatha kufalitsa matenda a m'mapapo otchedwa MERS, amene anadziwika mu 2012. Sambani m'manja mukazikhudza ndipo musamwe mkaka wake wosawiritsa. Odwala shuga, impso, mapapo kapena a chitetezo chochepa m'thupi asaziyandikire.
- Fumbi: Mphepo ya shamal imabweretsa fumbi limene limadzutsa mphumu. Tsiku lotero khalani m'nyumba, mankhwala opopera ali pafupi.
- Mowa: Umagulitsidwa m'mahotela ndi malo ovomerezeka okha, kwa a zaka 21 kupita m'mwamba. Kuledzera pagulu ndi mlandu, komanso mowa umawonjezera kutha kwa madzi m'thupi.
- Ramadan: M'mwezi umenewu kudya ndi kumwa poyera masana n'koletsedwa. Odwala shuga akonzeretu kumene angadyere pa nthawi yake.
- Malungo: Ku Qatar safala. Ngati mwachokera kumudzi posachedwa ndipo thupi latentha, uzani dokotala kumene mwachokera kuti akuyezeni malungo.
- Ulendo wautali: Kukhala pansi maola oposa anayi kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Muziimirira ndi kuyendayenda m'ndege. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukabanika mwadzidzidzi, pitani kuchipatala msanga.

Gwirizanani musananyamuke

Khalani pansi monga gulu. Aliyense auze munthu mmodzi womukhulupirira za matenda amene ali nawo, mankhwala amene amamwa ndi amene samuyanja. Sungani m'mafoni zithunzi za mapasipoti, mapepala a inshuwalansi ndi nambala ya wachibale wa aliyense. Achibale otsala adziwe dzina la hotela yanu. Dziwani kuti zipatala za boma, kuphatikizapo Hamad General Hospital, ndiponso ma ambulansi zili pansi pa Hamad Medical Corporation, ndipo nambala ya mwadzidzidzi ndi 999.

Pokonza ndondomeko ya tsiku, yenderani mphamvu za amene amatopa msanga. Mnzanu akanena kuti sakupeza bwino, asabwerere yekha ku hotela, wina amuperekeze ndipo akhale naye mpaka atapeza bwino.