CIKONDWERERO CA WAILESI YA OPHUNZIRA KU MILWAUKEE

Munthu woulutsa nyimbo pa wailesi saona nkhope za anthu amene alikumvetsera. Akhala yekha m'kacipinda kotseka, nalankhula ndi kacitsulo, osadziwa ngati mau ace afika kwa anthu zikwi khumi kapena kwa mlonda mmodzi wolimbana ndi tulo. Ku nyumba zazikuru za wailesi ici sicibvuta, pakuti ziri ndi ndalama zolipira anthu owerenga omvetsera ao. Koma ku nyumba zazing'ono za m'makoleji ndi nkhani yaikuru, cifukwa wailesi imene omvetsera ace saoneka sicedwa kutsekedwa. Ndico cifukwa cace zina mwa izo ku America zicititsa cikondwerero ca nyimbo pabwalo kamodzi pa caka. Citsanzo cabwino ndi ca ku Milwaukee.

Wailesi ya pa koleji

Milwaukee ndi mzinda wa m'cigawo ca Wisconsin, m'mbali mwa nyanja ya Michigan. Unakula ndi nchito za manja, pakuti ndi mzinda wa mafakitale a makina ndi a mowa, ndiponso njinga zamoto za Harley-Davidson zinayamba kupangidwa komweko mu 1903. M'caka comweco munatsegulidwanso sukulu yophunzitsa za makina ndi magetsi, imene lero ichedwa Milwaukee School of Engineering. Sukulu imeneyi ndiyo mwini wa wailesi ya WMSE, imene inayamba kumveka pa 91.7 FM pa 17 March, 1981. Anthu a ku Lusaka adziwa mawailesi a mtundu umenewu, monga UNZA Radio ndi Hone FM.

Mu 1945 boma la America linapatula mbali ina ya FM, kuyambira pa 88 kufikira pa 92, kuti ikhale ya masukulu ndi mabungwe osafuna phindu. Lamulo likaniza mawailesi amenewa kugulitsa nthawi yao kwa amalonda. Aloledwa kungochula dzina la sitolo imene yawathandiza ndi kuithokoza. Lamulo limeneli liwasaukitsa, koma liwapatsanso ufulu. Wailesi ya malonda ibwereza-bwereza nyimbo zocepa zochuka kale kuti amalonda asathawe. Pa WMSE oulutsa ambiri salipidwa konse. Ena ndi ophunzira, ena ndi anthu wamba a mumzinda amene abwera ataweruka ku nchito, ndipo ali yense asankha yekha mbale zimene afuna kuliza.

Oimba odziimira paokha

Mbali yaikuru ya malonda a nyimbo pa dziko lonse iri m'manja mwa makampani atatu, Universal, Sony ndi Warner. Oimba amene sali pansi pa makampani amenewa, amene ajambula nyimbo zao okha kapena ndi timakampani tating'ono, Azungu awacha "indie", ndiko kufupikitsa mau ao otanthauza wodziimira payekha. Poyamba dzinali silinali kunena za kaimbidwe kapena kabvinidwe ai, koma za mwini mbale. Pambuyo pace linafalikiranso ku nyimbo za magitala zimene oimba otere akonda.

Woimba wotere alibe ndalama zolengezera mbale yace, cotero khomo lace loyamba ndi wailesi ya pa koleji. Mu 1988 gulu la anyamata lochedwa Nirvana linaturutsa kambale kace koyamba, zidindo 1,000 zokha, ndi kakampani ka Sub Pop ku Seattle. Mtsogoleri wace, Kurt Cobain, anakatula kambaleko ku KCMU, wailesi ya pa University of Washington. Atadikira osakamva, anaima pa lamya ya pamseu napempha yekha nyimbo yaceyo, ndipo anamulizira. Pofika January, 1992, mbale ya gulu lomwelo inali pamwamba pa zonse zogulidwa ku America. Ambiri safika pamenepo, koma poyambira pao ndi pomwepo.

Tsiku la cikondwerero

Cikondwerero ca WMSE cichedwa Backyard BBQ, ndiko kunena kuoca nyama kuseri kwa nyumba, monga acitira mabanja a kumeneko poitana anansi ao. Cakhala cikucitika kwa zaka zoposa khumi. Poyamba cinali pa bwalo la Cathedral Square pakati pa mzinda, ndipo pambuyo pace cinasamukira ku Humboldt Park, munda wa mitengo ndi kapinga wa cakumwera, kumene kuli nsanja yomangidwa kale ya oimba. Cicitika cakumapeto kwa nyengo yotentha, pakuti ku Milwaukee miyezi yozizira ndi yambiri ndipo cipale cofewa cikagwa palibe angakhale panja tsiku lonse.

Pakhomo salipiritsa. Anthu abwera ndi mabulangeti ndi mipando yao, akuru ndi ana omwe, nakhala pa kapinga kuyambira masana kufikira kwada. Ogulitsa zakudya ndi zakumwa amanga misasa yao m'mbali. Magulu a oimba alowana pa nsanja limodzi-limodzi. A mumzinda momwemo ayamba, ndipo gulu locokera kutali, lodziwika koposa, litsiriza madzulo. Dongosolo limeneli si la mwai. Anthu ambiri akokedwa ndi dzina la gulu lotsiriza, koma pofuna malo abwino afika msanga, ndipo potero amva oimba a kwao amene sanawamvepo ndi kale lonse. Oimbawo aika thebulo pambali pogulitsira mbale ndi malaya olembedwa dzina la gulu lao, ndipo kawiri-kawiri ndalama za pa thebulo limenelo ndizo zigula mafuta a ulendo wotsatira.

Mzinda womwewu uli ndi cikondwerero cina cacikuru kwambiri, Summerfest, cimene cinayamba mu 1968. Kumeneko kufika oimba ochuka a dziko lonse, ndipo munthu alowa ndi tikiti. Ca WMSE ndi cacing'ono ndithu poyerekeza, ndipo colinga cace ndi cina: kuthokoza omvetsera amene asunga wailesiyo ndi ndalama za m'thumba mwao.

Ndalama zicokera kuti?

Ngakhale anthu alowa ulere, tsikulo lidya ndalama. Pafunika cilolezo ca eni munda, zokuzira mau, magetsi, alonda, zimbudzi, ndi malipiro a oimba. Zina mwa ndalamazi zicokera kwa eni masitolo ndi makampani a mumzinda amene afuna kuti maina ao aoneke pa nsaru za pa nsanja. Nchito yambiri, monga kunyamula katundu ndi kutola zinyalala, igwiridwa ndi odzipereka. Mvula ikagwa anthu acepa, koma zolipira sizicepa.

Wailesi yeniyeniyo ikhalira zopereka. Pa nyengo zoikika oulutsa aleka nyimbo pang'ono napempha omvetsera kuti asonkhe, yense monga angathe. WMSE icititsanso mpikisano wochedwa Rockabilly Chili, umene nyumba zodyera za mumzinda zipikisana kuphika cakudya ca nyama, nyemba ndi tsabola, ndipo olowa alipira. Pamenepo ndi pomwe cikondwerero ca pabwalo cigwirira nchito yace yobisika. Munthu amene anagwirana canza ndi woulutsa amene amva mau ace sabata iri yonse, nakhala tsiku lathunthu pakati pa anzace omvetsera, saumira dzanja nthawi yosonkha ikafika.

Mawailesi amene anazima

Malo a pa FM m'mizinda yaikuru ndi a mtengo wapatali, ndipo mwini cilolezo si ophunzira ai, koma akuru a sukulu. Mu 2011 mawailesi atatu odziwika anataya malo ao. Pa 18 January, KUSF ya pa University of San Francisco inazimitsidwa m'mawa nyimbo ziri mkati, ndipo oulutsa anaturutsidwa m'nyumbamo. Mtengo wace unali madola 3.75 miliyoni. KTRU ya pa Rice University ku Houston inagulitsidwa pa madola 9.5 miliyoni, ndipo WRVU ya pa Vanderbilt University ku Nashville inatsatira mu June. Akuru a masukulu ena anati acinyamata a masiku ano amvetsera pa intaneti, ndipo FM iribenso nchito kwa iwo. Omvetsera anadandaula ndi kucita misonkhano, koma anacedwa, pakuti mapangano anali atalembedwa kale.

Khamu la anthu pa kapinga silingaletse sukulu kugulitsa cimene ciri cace. Koma akuru a sukulu, a boma la mzinda ndi eni masitolo akaona ndi maso ao anthu ocuruka osonkhana pa dzina la wailesi, kubvuta kunena kuti palibe womvetsera.

Anyamata a ku Kitwe

Njira yomweyi ndiyo inabwezera nyimbo za ku migodi m'makutu a anthu akunja. Gulu la WITCH, limene linayambira ku Kitwe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, linazirala kwa nthawi yaitali, ndipo woimba wace Emmanuel "Jagari" Chanda anafikira pa kukumba miyala ya mtengo kuti adyetse banja. Mu 2012 kakampani kodziimira pakokha ka ku Los Angeles, Now-Again, kanaturutsanso mbale zao zakale. Gululo linadzukanso, linayenda ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 linaturutsa mbale yatsopano yochedwa Zango. Laimbaponso m'nyumba ya wailesi ya KEXP ku Seattle, ndiyo KCMU ija imene Kurt Cobain anaimbira lamya, imene inasintha dzina mu 2001.

Mnyamata wa gitala wa ku Chamboli kapena ku Bay View ku Milwaukee asowa zinthu ziwiri zomwezo: woulutsa mmodzi amene angalize nyimbo yace asanachuke, ndi bwalo limene anthu angamuonerepo. Wailesi ya pa koleji ipereka coyamba usiku ndi usana, ndipo caciwiri icipereka tsiku limodzi pa caka.