DZINO LOSWEKA, FODYA NDI KACASU ZIKAKUMANA M'KAMWA

M'midzi mwathu muli anthu ambiri amene ali ndi dzino losweka lomwe limapala lilime usana ndi usiku. Poti silipweteka kwenikweni, amangolileka. Koma ngati mwini dzinolo amaikanso fodya wopera kuseri kwa mlomo, kapena amakoka fodya ndi kumwa kacasu, nkhaniyi njoyenera kuimva bwino.

Khungu la m'kamwa ndi lofewa ndiponso lopyapyala. Likapalika, thupi limafulumira kupanga khungu latsopano. Dzino lakuthwa, kapena mano oikirira osakwana bwino, amatsegulanso bala lomwelo lisanapole, ndipo nchito yokonzayo siitha. Madokotala ambiri amaona kupalika kumeneku ngati cothandizira cabe. Mdani weniweni ndi ululu wa m'fodya, umene umapeza khomo lotsegula pa balapo.

Utsi wa fodya uli ndi mankhwala pafupifupi 70 odzetsa khansa. Fodya wosasuta, uja ambiri amamucha nsunko, nayenso sali bwino, ngakhale agogo athu amati ndi wocotsa tulo cabe. Bungwe la IARC la ku Lyon, m'dziko la France, linatsimikiza mu 1985 kuti fodya wa m'kamwa amayambitsa khansa, ndipo mu 1988 linanena cimodzimodzi za mowa. Mowa umafewetsa khungu kuti ululu wa fodya ulowe msanga, ndiponso m'thupi umasanduka mankhwala ochedwa acetaldehyde amene amaononga timbewu ta thupi. Ndico cifukwa cake munthu wocita zonse ziwiri ali pangozi yoposa kutali ya wocita cimodzi.

Coipa ca nthendayi ncakuti imayamba mwakacetecete. Kumaoneka kabanga koyera kapena kofiira kosacoka ngakhale mutapukuta, kapena kacironda kolimba m'mbali mwa lilime kapena pansi pake. Ena amati ndi zironda za kutentha kwa thupi, napaka mankhwala a zitsamba miyezi yambiri, mpaka kumeza nsima kuyamba kuvuta ndipo m'khosi mwatuluka cotupa.

Cironda ciri conse ca m'kamwa cikapitirira masabata atatu osapola, pitani kucipatala capafupi mukaonetse. Dzino lakuthwa angathe kulisalaza kapena kulizula tsiku lomwelo. Akakayika, amadulako kanyama kakang'ono kuti akapime, ndipo ofunika cithandizo cacikulu amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007.