Khomo Limene Mankhwala a M'tchire Alowera ku Chipatala

Pali funso limene limveka kawirikawiri m'midzi mwathu, lakuti, Kodi mankhwala a makolo adzaloledwa liti ku chipatala? Tiyankha kuti ena adaloledwa kale, ndipo tifuna kukuonetsani khomo limene adalowera.

Akulu akumbukira kwinini wowawa uja. Chiyambi chake ndi khungwa la mtengo wa ku mapiri a Peru, limene ansembe Achijezuiti adafika nalo ku Roma m'zaka za m'ma 1630. Khungwalo lidachiza malungo ndithu, koma mphamvu yake inali yosiyanasiyana, lina laukali, lina lofooka. M'chaka cha 1820 anthu awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, adapatula mankhwala enieni m'khungwamo, ndipo kuyambira pamenepo madokotala adatha kuyesa mlingo woyenera munthu aliyense.

LA amene ana anu alandira lero nayenso ndi mdzukulu wa chitsamba. Mayi wina wa ku China, Tu Youyou, adasanthula mabuku akale a asing'anga a kwawo, napeza mphamvu ya chitsamba cha Artemisia m'chaka cha 1972. Atawayesa zaka zambiri, mankhwalawo adalandiridwa, ndipo dziko lathu lidayamba kuchiza nawo malungo m'chaka cha 2007. Mayiyo adapatsidwa mphatso ya Nobel mu 2015.

Tsono onani, khomo ndi limodzi: kuyesedwa poyera, ndi kudziwika kwa mlingo. Amene alumpha khomoli aika moyo wa anzake pangozi. M'chaka cha 1995 namtindi wa anthu udathamangira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, poyesa kuti uchiza Edzi. Koma matendawo sadachoke. Ndiponso azamba achenjeza za mwanamphepo amene amayi ena amwa kuti achire msanga: afulumiza zowawa mopitirira, ndipo chiberekero chikhoza kung'ambika.

Sitinena kuti mudule nimu kapena chammwamba pakhomo panu, iai. Masamba a chammwamba ndi ndiwo yolimbitsa thupi, ndipo agogo odziwa mitengo asunga chuma chimene anzeru akali kuchifufuza. Chimene tikupemphani ndi ichi. Mwana akatentha thupi, musagone naye masiku awiri mukumwetsa zowiritsa. Pitani naye tsiku lomwelo ku chipatala cha Ligowe kuti amuyese magazi pachala. Akalandira LA, amwe m'mawa ndi madzulo masiku atatu osadukiza, ngakhale ayambe kusewera. Ngati munayamba mwamwetsa za m'tchire, muuzeni namwino osachita manyazi, pakuti mankhwala awiri akhoza kulimbana m'thupi. Chimodzimodzi inu amene mukumwa ma ARV, kapena a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Nanunso odziwa zitsamba, mukaona kuti nthenda yakukanikani, tumizani wodwala msanga akali ndi mphamvu yoyenda.

Kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likuthandizana ndi boma kuno ku Neno, ndipo alangizi a zaumoyo ayendera makomo athu. Afunseni momasuka, pakuti safunsa adadya phula. Mulungu amene adameretsa mitengo ndiye adapatsanso anthu nzeru za kuiyesa. Iye asunge mabanja anu mwezi uno.