WITCH yabwelanso: kodi mufuna Lazy Bones ina, kapena mumvela zamanje?

Ngati munakulila mu Chamboli, Wusakile kapena komboni ina iliyonse ya mu Kitwe, funsani a dadi kapena agogo anu dzina limodzi chabe: Jagari. Mudzaona mudala wanu akusintha nkhope. Ena amayamba kugwedeza mutu, ena amakuuzani za nsapato zazitali kunsi ndi matalauzi otambalala kumiyendo. Limenelo ndi dzina la ba Emmanuel "Jagari" Chanda, oimba patsogolo mu bandi ya WITCH, yomwe inabadwila mu Chamboli kumayambililo kwa zaka za m'ma 1970.

Manje nkhani ni iyi. Bandi imene ambili anaiika kale m'manda inauka, ndipo sikungoimba zakale iyayi. Mu June 2023 inatulutsa alubamu yatsopano, Zango, patapita zaka 39 kuchokela pa Kuomboka ya mu 1984. Mu June 2025 inaponyanso ina, Sogolo. Apa ndiye pali mkangano pakati pa okonda nyimbo: kodi bandi yakale ikabwela, iziimba bwanji? Ibweleze zimene tinazolowela, kapena ipite kumene mtima wake ufuna?

Poyambila: ana a mu komboni ya mugodi

Kuti mumvetse mkanganowu, yambani mwadziwa kumene anthu awa anachokela. Chamboli inali komboni ya ogwila nchito pa mugodi wa Nkana. Nthawi imeneyo kopa inali ndi mtengo, ndalama zinali kuyenda pa Kopala, ndipo anyamata anali kumvela Jimi Hendrix, James Brown ndi Rolling Stones. Dzina lakuti Jagari linachokela kwa Mick Jagger, chifukwa cha mavinidwe ake osakhazikika pa siteji. Dzina la bandi nalonso linali ndi tanthauzo lake: We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti tabwela kudzasokoneza.

Pamodzi ndi ba Jagari panali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, ndi Boidi Sinkala pa ng'oma. Alubamu yawo yoyamba inali Introduction. Kunabwela In the Past mu 1974, Lazy Bones!! mu 1975 ndi Lukombo Vibes mu 1976. Sanali okha. Mu Kitwe momwemo munali Amanaz, ku Lusaka kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, kunalinso Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Ku Ndola kunali Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, amene anali kutulutsa ndi kugulitsa malekodi. Boma la ba Kaunda litalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za muno m'dziko, mabandi anapeza msika. Ndiyo Zamrock imeneyo.

Koma zabwino sizikhalitsa. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zinasowa m'matumba, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha mashoo, ndipo disko inalanda mabala. Pambuyo pake kunabwela matenda a Edzi amene anatenga oimba ambili a m'badwo umenewo. Pa anyamata a WITCH yoyamba ija, ba Jagari ndiwo okha ali moyo lelo. Anachoka mu bandi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nakhala mphunzitsi wa nyimbo, ndipo pambuyo pake anakakhala m'thengo kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti banja lidye.

Amene anaidzutsa

Chimene chingakubabeni pang'ono ndi chakuti amene anaidzutsa bandi si ife. Mu 2012 kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, inatulutsanso nyimbo zakale za WITCH mu bokosi limodzi, ndipo achinyamata a ku Ulaya ndi America anayamba kuzisaka. Wopanga mafilimu wa ku Italy, Gio Arlotta, anabwela kudzafuna ba Jagari, napanga filimu ya mbili yawo imene inatuluka mu 2019. Anabwela ndi oimba awili a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nico Mauskoviç. Ba Patrick Mwondela, amene anali kuliza kiyibodi mu WITCH ya zaka za m'ma 1980, analowanso. Mu 2017 bandi inazungulila Ulaya koyamba, ba Jagari ali ndi zaka zopitilila 60.

Kuimba zakale pa siteji n'kosavuta: anthu amadziwa kale pofuula. Kulowa mu situdiyo ndi kutulutsa zatsopano ndiye mayeso enieni, chifukwa aliyense amabwela ndi chake m'mutu.

Magulu atatu, zofuna zitatu

Mukatchela khutu m'mabala, m'mabasi ndi pa Facebook, mupeza magulu atatu.

Loyamba ndi la madala amene anavina nyimbo izi zili zatsopano. Iwo afuna gitala yokalipa ija, mawu a mnyamata wa zaka za m'ma 20, ndi fungo la Kitwe ya kale. Kwa iwo, WITCH yopanda Chris Mbewe ndi Boidi Sinkala ndi dzina chabe. Musawaseke. Chimene afuna si nyimbo yokha, afuna unyamata wawo ndi anzawo amene anapita. Vuto n'lakuti palibe situdiyo imene ingabweze zimenezo.

Lachiwili ndi la akunja amene amasonkhanitsa malekodi akale. Awa anakonda WITCH chifukwa cha kamvekedwe kakale, ka fumbifumbi, kamene kanabwela chifukwa cha zipangizo za nthawi imeneyo. Ena a iwo angakonde kuti Zamrock ikhale ngati chithunzi chopachika pa khoma: osachigwila, osachisintha. Koma mudala si chithunzi. Ni munthu wamoyo, amadya, amalipila lendi, ndipo ali ndi nyimbo zina m'mutu.

Lachitatu ndi inu, a m'badwo wa Chef 187, Macky 2, Yo Maps ndi amapiano. Ambili a inu simunayembekezele chilichonse, chifukwa simunadziwe n'komwe kuti bandi imeneyi iliko. Ena mukamva gitala ya roko mumati ni vaazungu, ena mumati ni va madala. Ndipo ena, mukamva dzina lakuti WITCH, mumaganiza za ufiti n'kuthawa, pomwe ndi zilembo chabe za mawu achizungu aja.

Bandi iyi siinaimepo malo amodzi

Kwa a gulu loyamba ndi lachiwili, funso ndi ili: mukati aimbe monga WITCH yeniyeni, mukamba WITCH iti? Mvelani maalubamu awo motsatana. Introduction ndi roko yaiwisi, ya anyamata amene akali kutengela za kunja, mawu ake achizungu. Pofika pa Lazy Bones!! gitala yalemela ndipo fanki yalowa. Pa Lukombo Vibes mumva magwedezedwe a kwathu akukwela pamwamba. Ndiye ba Jagari atachoka, bandi inatembenukilatu: Movin' On ya mu 1980 ndi Kuomboka ya mu 1984 ndi disko, ya makiyibodi, yovinila mu kilabu. Dzina limodzi, zaka zochepa chabe, koma nyimbo zosiyana ngati nsima ndi mpunga.

Choncho amene akuti bandi yasintha sakunama, koma aiwala kuti kusintha ndiye khalidwe lake kuyambila pachiyambi. WITCH imene ikanabweleza Lazy Bones!! nyimbo ndi nyimbo ikanakhala ikudzikopela yokha, chinthu chimene anyamata a mu Chamboli aja sanachitepo ali moyo.

Palinso ichi. Ba Jagari ndi ba Mwondela sanali a nyengo imodzi mu bandi: wina ndi wa roko, wina ndi wa disko. WITCH ya lelo yaika nyengo ziwilizi m'chipinda chimodzi. Chimenecho chokha chitanthauza kuti chotuluka sichingafanane ndi alubamu iliyonse yakale.

Nanga mu Zango ndi Sogolo muli chani?

Zango anaijambulila ku dB Studios mu Lusaka, situdiyo yomwe ija imene Lazy Bones!! inajambulidwa mu 1975. Apo a gulu la madala apezapo pogwila: gitala yokalipa ilimo, ng'oma zolemela zilimo. Koma anatsegulanso chitseko. Muli Sampa the Great, amene anakulila ku Botswana koma ndi mwana wa muno, pa nyimbo ya Avalanche of Love. Muli Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, mawu a azimayi amene WITCH ya roko inalibe. Mulinso ba Keith Kabwe a Amanaz, mudala mnzawo wa Zamrock. Ndipo zilankhulo za kwathu zamveka kwambili kuposa pa malekodi oyamba aja. Dzina lakuti Zango litanthauza malo okumanilana, ndipo ukaona mndandanda wa oimbawo umvetsa chifukwa chake.

Sogolo, dzina lake likamba lokha: tsogolo. Munthu wa zaka zopitilila 70 kutcha alubamu yake tsogolo, kumeneko ni kukana kukhala chikumbutso. Siinatenge zaka 39 ngati ija, inatenga ziwili chabe. Uwu ndi umboni wakuti iyi ni bandi yogwila nchito, osati gulu lokumana kamodzi kuti litole ndalama za chikumbutso n'kubalalika.

Kodi nyimbo iliyonse ya mmenemo iposa zakale? Iyayi, ndipo palibe bandi padziko imene inachitapo zimenezo. Mawu a mudala si a mnyamata. Amene afunsa ngati bandi imene oliza zipangizo ambili ndi a ku Ulaya ingatchedwebe Zamrock, funso lawo n'lomveka ndithu. Koma kumbukilani kuti Zamrock inayamba pomwe ana a Kopala anatenga gitala ya Hendrix n'kuiphika ndi ndiwo zathu. Lelo ana a ku Ulaya abwela kudzaphunzila kwa mudala wa mu Chamboli. Mtsinje wabwelela kumene unachokela, ndipo woyendetsa bwato ni wathu.

Akunja akudya, ife tikuyang'ana

Apa ndiye pofunika kuti inu a gulu lachitatu mutchele khutu. Mu 2022 Sampa the Great anatulutsa Never Forget, pamodzi ndi Chef 187, Tio Nason ndi Mwanjé, nyimbo yolemekeza Zamrock, ndipo inamveka pa kanema wolengeza filimu ya Black Panther: Wakanda Forever. Mu 2023 Travis Scott anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz pa nyimbo yake Sirens. Mu 2024 Tyler, The Creator anachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya Ngozi Family pa Noid. Oimba amene muli nawo kale mu foni yanu akukumba mugodi wa nyimbo umene uli kuseli kwa nyumba yanu.

Pa Kopala nkhani imeneyi tiidziwa bwino. Kopa imachoka pansi pathu, ipita kunja, n'kubwela ngati waya wodula. Musalole kuti nyimbo nazo ziyende njila yomweyo. Iwe mupulodyusa wa mu kambeba ka ku Chamboli, amene usiku wonse usaka mabiti a ku South Africa pa laputopu, unamvelako ng'oma za Boidi Sinkala? Ngati ufuna kutengako, pempha chilolezo kwa eni nyimbo ndipo ulipile, chifukwa mabanja a oimba amene anapita nawonso afunika kudya.

Chimene tiyenela kuyembekezela

Kuuza ba Jagari kuti akhalenso wa zaka 24 n'kupempha mvula mu July. Koma pali zinthu zimene wokonda nyimbo wa pa Kopala ali ndi ufulu wozifuna.

Choyamba, kuwaona pafupi. Maulendo ambili a bandi iyi ali ku Ulaya ndi America, chifukwa kumeneko ndiye kuli olipila. Opanga mashoo a mu Kitwe ndi Ndola, mpila uli kwa inu: shoo ya mtengo umene wogwila nchito pa mugodi kapena wogulitsa pa Chisokone angakwanitse, pamalo amene basi ya ku Chamboli ifika. Chachiwili, kuwamva pa wailesi. Ma DJ athu, nyimbo imodzi ya Zango pakati pa amapiano siidzathamangitsa omvela. Chachitatu, kuona achinyamata ambili a kuno akulowa mu bandi ndi kuphunzila kwa madala akali moyo, kuti luso lisathele m'manda kachiwili.

Koma zonsezi ziyambila pa inu. Wopanga shoo saika ndalama pomwe palibe anthu ofunsa. Sabata ino, mukagula bandulo, chitani ka mayeso aka. Mvelani Lazy Bones!! yonse, kenako Zango, kenako Sogolo. Mukatha, pelekani foni kwa mudala wa pa nyumba, mumuone ngati phazi likhala chete. Mutsutsane, iye akuti yakale, inu mukuti yamanje. Mkangano umenewo ukamveka m'nyumba za mu Chamboli, ndiye kuti WITCH yafikadi kwawo.