Madzi osachita thovu

Madzi osachita thovu, amene pa Chingerezi amatchedwa hard water, ndi madzi omwe ali ndi kashiamu ndi maginiziyamu wambiri. Mchere wamtunduwu umasungunukira m'madzi akamadutsa m'miyala ya laimu pansi pa nthaka. N'chifukwa chake vutoli limapezeka kwambiri m'madzi a pamjigo ndi a pachitsime, pomwe amvula sakhala nalo. Madzi a mumzinda wa London amadziwikanso ndi vutoli chifukwa nthaka yake ndi ya choko.

Madziwa amatha sopo msanga, zovala zimauma gwaa, ndipo m'ketulo, m'giza ndi m'mapaipi mumamatirira zoyera ngati njereza. Giza yotere imadya magetsi ambiri. Kumwa madziwa sikudwalitsa, ndipo bungwe la WHO silinaike malire a zaumoyo pa nkhaniyi. Poyeza amawerenga mamiligalamu pa lita imodzi: osapitirira 60 ndi madzi abwinobwino, opitirira 120 ndi ovuta, opitirira 180 ndi ovuta kwambiri.

Mitundu yake

Mtundu woyamba umatha powiritsa, chifukwa kashiamu amakhazikika pansi ndipo madzi apamwamba amatsanulidwa. Wachiwiri, womwe uli ndi salifeti kapena kolorayidi, sutha ngakhale madzi atawira tsiku lonse. Madziwa asasokonezedwe ndi madzi amchere a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Amenewo kuwiritsa kumangowonjezera mcherewo.

Kusankha njira

Choyamba ndi kuyezetsa madzi, chifukwa ambiri amagula chipangizo chosagwirizana ndi vuto lawo. Klorini amapha tizilombo basi, ndipo sefa yadothi kapena yansalu imagwira zinyalala, koma kashiamu amadutsa.

Ngati vuto lili pochapa pokha, soda wochapira kapena madzi amvula osungidwa m'thanki ndi okwanira. Ketulo imayera ikawiritsidwa ndi viniga kapena madzi a mandimu. Njira yothira laimu, imene Thomas Clark anayambitsa mu 1841, imayenera malo akuluakulu oyeretsera madzi osati pakhomo.

Nyumba ya mapaipi ndi giza ingaike makina a softener. M'kati mwake muli timikanda timene timagwira kashiamu n'kutulutsa sodiyamu, ndipo timatsukidwa ndi mchere pafupipafupi. Mchere wogula mwezi ndi mwezi ndiye mtengo wake weniweni, komanso odwala BP ndi bwino asiye mpopi umodzi wosadutsa m'makinawo. Makina a reverse osmosis amachotsa pafupifupi mchere wonse, wa ku Chikwawa womwe, koma amataya madzi ambiri, choncho kawirikawiri amaikidwa pampopi wakukhitchini wokha.